Chithunzi cha Amayi Atagwada

Ndikukumbukira fungo la penti m'nyumba ya bambo wina wokalamba wa ku Denmark amene amayi ankamusamalira ku South Bend, kuno ku America. Ndinali ndi zaka khumi. Ndikaweruka kusukulu ndinkakadikira amayi kumeneko, chifukwa kunyumba kunalibe wondiyang'anira.

Mkuluyo anali wojambula zithunzi. Anachoka kwawo ali mnyamata, ndipo zojambula zake zinali zija zoti munthu mutu wa makona atatu, mtengo wofiira, thambo lachikasu. Ine ndinkaona ngati mwana wa kunazale akanachitako bwino. Manja ankamunjenjemera, koma burashi sankaisiya.

Amayi ankamutcha agogo. Pomupatsa mankhwala ankagwada, kapu ya madzi ili m'manja awiri, monga ankachitira ndi bambo awo ku Ntcheu. Tsiku lina mkuluyo anafunsa chifukwa chake. Amayi anamufotokozera bwinobwino, ine ndikumva, kuti kwathu munthu wamkulu sumupatsa chinthu utaimirira, ndipo umagwadira amene wamutenga ngati kholo lako. Iye anati n'zokongola, n'kupempha kuti awajambule. Amayi anavomera mwamanyazi.

Chithunzicho anakachionetsa ku Indianapolis pamodzi ndi zina, ndipo ife anatiitana. Amayi anasita chilundu chawo cha kutchalitchi, ine anandiluka tsitsi mpaka mutu kuwawa. Titalowa tinachipeza chili pakhoma lakelake. Anali amayi ndithu, koma opanda nkhope, msana utapindika ngati wa munthu wosenza thumba la chimanga, kapu ili yaikulu kuposa mutu.

Mayi wina woonetsa alendo zithunzizo anaima patsogolo pake n'kuyamba kufotokoza. Anati ameneyu ndi mkazi wa ku Africa woponderezedwa, wantchito amene umphawi wamugwaditsa pamaso pa mzungu. Anthu anapukusa mitu mwachisoni. Wina atawazindikira amayi anabwera kudzawasisita paphewa ngati ali pamaliro.

Mwini chithunzi anali pompo, panjinga yake ya olumala. Anamva zonse. Ankadziwa kuti ndi bodza, chifukwa zoona zake anauzidwa m'nyumba mwake momwe. Koma anthu anali kumutamanda, ndiye anangomwetulira.

Ndinapsa mtima kwambiri. Nditati nditsegule pakamwa, amayi ananditsina pamkono.

"Khala chete iwe," anandinong'oneza. "Ukufuna akandilipote ku ofesi imene inandilemba ntchito? Shifiti imeneyi ndi imene ikutidyetsa."

M'galimoto ndinawakalipira m'Chingerezi, monga timachitira ana okulira kuno tikakwiya. Ndinati atinyoza ife tili chilili, ndipo iwo angoyang'ana. Amayi anangogwira chiwongolero njira yonse mpaka ku South Bend.

Lolemba nthawi ya mankhwala itakwana, amayi anapita kwa mkuluyo ataimirira, n'kumupatsa kapu ndi dzanja limodzi. Iye anayang'ana kapuyo, kenako anayang'ana amayi.

"Bwanji lero?" anafunsa.

"Ndinkagwadira agogo anga," anatero amayi. "Pano ndili pantchito. Imwani mankhwala."

Anamusamalirabe mpaka anamwalira. Kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi, palibe chimene anachita mwaulesi. Koma bondo lawo silinagundenso pansi m'nyumba imeneyo, ndipo dzina loti agogo silinamvekenso. Nthawi zina ndinkamuona akuwatsatira ndi maso ngati akufuna kunena kanthu.

Ndinakula ndikuganiza kuti amayi anachita mantha tsiku lija. Pano ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti kukalipa kwanga kukanangotiluzitsa ntchito. Amayi anamulanda mkulu uja chinthu chimodzi chimene ofesi sinkawalipira, ndipo chinamupweteka kuposa mawu alionse amene ine ndikanalankhula. Ulemu umapereka wekha, ndipo amene wasewera nawo umamulanda.

Koma musandiuze kuti ndikhululuke. Chithunzi chija chinagulidwa. Kwinakwake m'nyumba ya munthu amene sitimudziwa, amayi anga akadali chigwadire pakhoma, ndipo alendo akuwamvera chisoni.