Sikelo ya aNyamtonga Yaima pa 94

Ku Mphamba palibe amene sawadziwa aNyamtonga. Dzina lawo lenileni ndi Ennie, koma limenelo limangomveka kuchipatala poitana odwala. Kwa zaka zambiri anali azamba, ndipo ambiri mwa anthu amene akulima fodya ndi soya kumeneko lero anafikira m'manja mwawo. Achipatala atayamba kuletsa kuchirira kumudzi, iwo sanapinde manja. Anayamba kuperekeza amayi oyembekezera, beseni pamutu, zitenje m'khwapa. Ndi mayi wathupi, wa mawu aakulu, woti akaseka nkhuku zimabalalika.

Matenda a shuga anakhala nawo zaka zitatu akumwa mapiritsi. Mwezi wa Epulo chaka chatha nesi wa pachipatala chaching'ono cha kwawoko anawakweza pasikelo, nayang'ana khadi lawo, napukusa mutu. Makilo 98.

"Amama, mapilisi yeka siyakwanisa manje," anatero nesiyo. "Nakupasani miyezi sikisi. Thupi ikapanda kuchepa, tizayamba nyeleti ya tsiku na tsiku."

Jakisoni weniweniyo sanawaopse, poti mzamba waona zambiri. Chinawaopsa ndi mawu a mwana wawo Kenan, amene amaphunzitsa ku boma la Lundazi. Atamva nkhaniyi pafoni sanazungulire.

"Ikayamba nyeleti mubwela kukhala na ise, amama. Mankhwala yaja yafuna fuliji, ndipo simungazilase mweka kumunzi. Apa sitizakambisana."

Kusiya nyumba yawo, mbuzi zisanu ndi zinayi, mango amene anabzala ndi malemu amuna awo, n'kukakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mpongozi! ANyamtonga analumbira kuti zimenezo sizichitika iwo ali ndi miyendo.

Ndiye anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Nsima anatsitsa kuchoka pa mitanda itatu kufika pa umodzi. Tiyi ankamwa wopanda shuga, nkhope itakwinyika. Zitumbuwa anazisiya, masamba ankaphika opanda mafuta. M'mawa uliwonse akatha kusesa ankavala nsapato zansalu zimene Kenan anawatumizira, n'kuyenda mpaka kukamlatho ka kudambo ndi kubwerera, maola awiri athunthu. Masiku oyamba anthu ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti kwagwanji, chifukwa ku Mphamba munthu wamkulu sayenda ndawala popanda maliro kapena wodwala.

Mwezi woyamba sikelo inati 94. Anabwerera kwawo akuimba nyimbo za kutchalitchi. Mwezi wachiwiri inati 94. Wachitatu, 94 yomweyo, ngati yakhomeredwa ndi msomali.

Apa mtima unawawawa kwambiri. Njala anali kuimva, maondo anali kuwawa, nsapato zinali zitayamba kutha kuphazi, koma palibe chosintha. Anatsika pasikelo n'kuiloza ndi chala, kuti ndi yakufa imeneyi. Tsiku lomwelo anakaima pa sikelo ya munthu wina wogula soya pamsewu, ndipo inati 90. Anthu amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwira m'mimba, poti aliyense amadziwa kuti sikelo imeneyo imadyera alimi. Wina anati akangoyesedwanso kawiri pamenepo achira.

Mwezi wachinayi nesi anawakhazika pansi kuti anene zonse zimene anadya dzulo lake.

"Mtanda umodzi masana, umodzi madzulo. Kwatha."

"Nanga mu njila, pamene muyenda?"

"Mu njila nikudya? Kuja nikulawa chabe."

Sankanama ayi. Kwa iwo, monga kwa tonsefe, munthu amene sanadye nsima sanadye. Koma nesi anaumirira, ndipo kulawako kunayamba kutuluka. Pa nyumba ya a Obby, kapu ya chindongwa, thobwa la kumeneko, lothira shuga chifukwa ndi la mlendo wolemekezeka. Patsogolo pang'ono, mtedza wokazinga wodzaza manja awiri. Kenako mbatata yootcha, chibanthu cha dzungu, nzimbe ya m'dimba, ndi chindongwa china pobwerera. Makomo asanu ndi awiri, tsiku lililonse. Nesi anaika cholembera pansi.

"Amama, imwe simuyenda. Mucheza."

Paja amati kupatsa n'kuika. ANyamtonga anaika zaka makumi awiri pa khomo lililonse la m'njira imeneyo, ndipo tsopano zonse zinali kuwabwerera m'makapu ndi m'mbale. Kale ankadutsa kamodzi pa mwezi. Tsopano ankadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo amayi ankachita kufulula usiku wake kuti azamba asawapeze chimanjamanja.

Anayesa kusintha njira, kudzera kumadimba. Kumeneko anawapeza ndi nzimbe. Anayesa kukana. Sabata isanathe mawu anawafika kuti aNyamtonga ayamba kunyada chifukwa mwana wawo ali ku boma, ena n'kumati akuopa kuthiridwa mankhwala. Anafotokoza za shuga mpaka kukamwa kuuma. Onse ankavomera ndi mutu, kuti inde matenda amenewo ndi oipa, kenako n'kunena kuti koma kapu imodzi yokha siingaphe munthu. Khomo lililonse linkawerenga kapu yake yokha.

Analimba mtima masabata awiri. Tsiku lina anadutsa pa nyumba ya Faides, mtsikana amene anabadwira m'manja mwawo, yemwenso anamuperekeza kuchipatala pa mimba yake yoyamba. Faides anali wosauka kuposa onse a m'njiramo. Anatuluka ndi kapu yatsopano, nagwada, nayamba wamwako yekha monga mwa mwambo, kenako n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Yewo, mwana wane, koma nakhuta," anatero aNyamtonga.

Faides sanadzuke. Anakhalabe chogwada, kapu ili m'manja.

"Ndimwe munanigwila pobadwa, amama. Shuga iyi nagula na nkhuku yanga. Lelo vakudya vanga vanunkha?"

ANyamtonga anayang'ana kumwamba, anayang'ana kapu. Mumtima anatukwana nesi, Kenan, sikelo ndi Faides yemwe. Analandira kapuyo n'kumwa yonse mpaka masese. Chinawakwiyitsa koposa n'chakuti chindongwacho chinali chokoma. Ndipo poti anamwa kwa Faides, mawa lake sakanatha kukana kwa a Obby.

Mwezi wa Okutobala sikelo inati 94, ndipo magazi anaonetsa kuti shuga sanatsike. Kenan anabwera ndi galimoto yahayala. Mbuzi anazigawa kwa abale kuti aziweta, nyumba anatseka ndi loko. Anthu a makomo onse aja anabwera kudzatsazikana nawo akulira, aliyense atanyamula kanthu: thumba la mtedza, mbatata, nthochi, zigubu ziwiri za chindongwa. ANyamtonga anakwera kutsogolo, galimoto n'kunyamuka ulendo wa ku boma.

Ku boma sanasiye kuyenda. M'mawa uliwonse akabayidwa jakisoni ndi kumwa tiyi wawo wowawa ankatuluka pageti, kutsika mpaka ku Msika wa Lundazi, kuzungulira, n'kubwerera. Maola awiri omwe aja, mtanda umodzi wa nsima womwe uja. M'njira munali mipanda ya njerwa, agalu ndi njinga zamoto.

Mu Disembala anapita kuchipatala cha ku boma. Nesi wa kumeneko anawerenga khadi lawo lakale, 94, 94, 94, kenako anawakweza pasikelo. Inati 88. Nesiyo anaomba m'manja, naitana mnzake kuti adzaone.

"Amama, mwachita bwino maningi! Tiuzeni, mwasinthako chani? Tifuna tiziuzako ena."

ANyamtonga anatsika pasikelo pang'onopang'ono, nawerama kumanga zingwe za nsapato.

"Palibe chamene nasintha," anatero. "Miyezi iwili nayenda mu boma muno. Palibe olo mmodzi ananiitanapo kuti nikhale pansi."