Mapiko a Lígia

Lígia anabadwira ku Cuamba, m'nyumba za anthu ogwira ntchito panjanji. Ali wamng'ono anasuzumira pawindo la holo ya azungu n'kuona mwana wachipwitikizi akusewera fada, kamkazi kamapiko ka m'nthano zawo. Kakangokhudza chinthu ndi ndodo yake, chosweka chinkalumikizika, chotayika chinkapezeka.

Nkhondo itakula anathawira ku Malawi, komwe anaphunzira kusoka. Mtendere utabwera, lole ya obwerera kwawo inamutsitsa pa Mandimba, ndipo anaika makina ake pakhonde la sitolo ina yobooka ndi zipolopolo.

Mphunzitsi wina, bambo Júlio, anali atayambitsa gulu la zisudzo loyenda m'midzi kulimbikitsa anthu kuti amangenso. Atabwera kudzasoketsa zovala, Lígia anawauza za fada uja.

"Kuno chouluka timachitcha mfiti," anatero a Júlio.

"Mfiti imavala zoyera dzuwa likuswa mtengo, bambo? Ndiloleni ndiyese."

Mapiko anawapinda ndi waya n'kuwakuta ndi neti yakale ya udzudzu. Diresi anasoka ndi matumba a ufa wachithandizo, atawachapa mpaka zilembo zitafufutika. Ndodo inali kansungwi, kunsonga kwake kuli nyenyezi yodula pachitini cha mafuta. Pabwalo ankayenda monyang'ama, osalankhula, kumaso atadzola kondoole. M'seweromo banja linkafika pabwinja likulira, fada n'kukhudza phulusa, ndipo amuna obisala kuseri kwa mphasa ankadzutsa nyumba ya makatoni. Ku Mandimba anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Ku Ngauma anasewera pabwalo la tchalitchi, nyengo yothyola fodya. Sewero litatha, Lígia asanavule mapiko, anafika mayi wina dzina lake Ernestina. Anagwada, n'kumasula mfundo ya kapulana wake, chitenje chimene anavala. Munali kamalaya ka mwana.

"Mayi, mwana wanga anandipulumuka m'manja tsiku lothawa. Takhudzaniko apa ndi ndodo yanuyo, mwina angabwere."

Anthu anali atazungulira. Lígia anamva thukuta likutsika ndi kondoole m'khosi.

"Pepani mayi, ndi sewero chabe. Iyi ndi nsungwi, onani. Ine ndine telala wa pa Mandimba."

Mayi Ernestina anayang'ana ndodoyo, kenako anapinda kamalaya kaja bwinobwino, anathokoza, n'kulowa m'munda wa fodya. Lole ya gulu lawo inali italiza kale hutala, ndipo Lígia anakwera.

Nkhaniyi inamudya mumtima. Bodza sakanawanamiza, koma akanatha kuvula mapiko, kukhala nawo pansi, kuwafunsa dzina la mwanayo ndi pomwe anasiyanirana. Mwina pakati pa anthu onse amene gululo linkakumana nawo, wina akanadziwapo kanthu.

Anapita kwa a Júlio ndi maganizo atsopano.

"Fada ataye ndodo. Afike pabwinjapo, alire nawo, kenako anyamule nawo nsichi."

"Ndiye wasiyana pati ndi munthu wamba?" anafunsa a Júlio. "Anthuwa alira mokwana, Lígia. Amabwera kudzaona nyumba ikudzuka yokha."

Sanagwirizane. Lígia anapereka mapikowo kwa mayi wina wa m'gululo, ndipo sewerolo linayendabe zaka ziwiri, anthu akuombera m'manja.

Mvula itatha chaka chotsatira, anakwera njinga kupita ku Ngauma yekha. Anapeza nyumba ya mayi Ernestina yotseka ndi mtengo, udzu utamera pakhomo. Oyandikana nawo anati anawolokanso malire kukafunafuna mwana m'malo amene munali misasa. Dzina la mwanayo anatchula mosiyanasiyana, ena Vicente, ena Maliko, poti mayiwo anali obwera m'mudzimo.

Lígia anabwerera ku Cuamba, komwe anasoka pamsika mpaka maso atafooka. Akaona wokwera sitima wochokera ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi, ankamufunsa za mayi Ernestina, koma palibe anawadziwa.