Dima la Imvi Zokhazokha

Fungo la thobwa likandipeza, ndimaona ambuya anga, amayi awo a mayi anga, atagwada pafupi ndi mgolo, akutakasa ndi mthiko wautali, utsi wa zitsononkho ukuwalowa m'maso, iwo akutukwana nkhuku zomwe zinkajompha chimera pamphasa. Sanali munthu wofatsa ambuya. Ngakhale moni wawo ankamveka ngati akuitana ng'ombe kudambo.

Tinkakhala ku Nkomeshya, ife obwera kuchokera kum'mawa, pamunda womwe eni dziko anapatsa malemu agogo aamuna. Amayi ndi amalume onse anali atapita ku Lusaka ndi kumigodi, n'kundisiya ine ndi ambuya. Chaka china mwendo unawavuta ambuya, munda unasanduka thengo, ndipo a nduna a m'mudzi anabwera ndi wapampando wa Chipani kudzanena, mwaulemu ndithu, kuti mvula ikagwa munda usanalimidwe adzaupereka kwa banja lina losowa polima. Ambuya anatumiza mawu kutauni, koma ana awo ankangoyankha kuti ntchito yawagwira.

Masiku omwewo kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza za ukalamba, ndipo anapempha kuti okalamba a midzi yozungulira asonkhane pasukulu. Ndinawaperekeza ambuya nditasenza kampando kawo. Mayiyo anafotokoza kuti m'maiko ambiri anthu akukhala ndi moyo wautali pomwe ana akubadwa ochepa, ndipo ankafuna kudziwa amene amasamala okalamba kuno achinyamata atathawira kutauni. Madandaulo anayambika, wina msana, wina maso, wina sopo ndi mchere zomwe zinkasowa m'sitolo.

Ambuya sankamvetsera n'komwe. Ankangotembenuza khosi uku ndi uku, kuyang'ana mitu ya imvi yomwe inadzaza mabenchi mpaka pakhonde. Anthuwa aliyense ankakhala kwayekha ndi tizidzukulu take, ankaonana pamaliro basi. Nthawi yawo yoyankha itakwana, ambuya anadzikoka ndi ndodo n'kuimirira.

"Amayi, zikomo potisonkhanitsa, sin'nadziwe kuti tilipo ambiri so. Manje imwe anzanga, pa Chiweru kuli dima kwanga. Bwerani na makasu, msana muusiye kunyumba."

Anthu anafa nako kuseka, ndipo ine ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Dima, kulimirana pamodzi n'kumwa thobwa pamapeto, inali ntchito ya anyamata ndi atsikana amphamvu zawo.

Koma Lowerukalo anabweradi. Ndinawaona akukwera njira ya kudambo mame asanaume, ena akuyendera makasu awo ngati ndodo, ena atamanga nsalu m'chiuno kuti msana ugwire. Bambo Mwale, omwe anasiya mapapo awo kumigodi, sankatha kulima, ndiye anakhala pachulu n'kumatsogolera nyimbo, akutsokomola pakati pake. Gululo linkalima pang'onopang'ono, kupumira pafupipafupi, kunyozana za mano otsala m'kamwa, koma udzu unkagwa. Mayi wa ku yunivesite uja atabwera kuti aonerere, ambuya anamugwiritsa khasu nayenso. Tsikulo okalambawo sanamalize kulima, choncho anabweranso, ndipo atatsiriza kwathu anasamukira kumunda kwa Bambo Mwale, kenako kwa ena.

A nduna anafika mvula yoyamba ikununkhira kale, n'kupeza mizere yokhayokha kuchokera kunjira mpaka kumalire. Anavula chipewa, ndipo anafunsa ngati ana a kutauni aja anabwera.

"Ana a ndani? Talima ni ise, nkhalamba zamene munali kuziyembekezera kumanda," anatero ambuya, akuwatungira thobwa m'chikho.

Sindinanyadepo chotero m'moyo wanga wonse. Lero imvi zandigwira nanenso, ndipo ndikamva pawailesi kuti dziko lapansi likukalamba, akuzinena ngati akulengeza chilala, ndimangoseka ndekha. Munda uja udakali wathu, ndipo ana anga akachedwa kutauni mitambo itayamba kuda, ndimadziwa makomo oti ndikagogode.