Kompyuta Yovala Chitenje

Atate anali dalaivala wa mabasi moyo wawo wonse. Kampani ya boma itatsekedwa, nthawi ija chilichonse chinkagulitsidwa, anapeza ntchito kwa mwini mabasi wina pa siteshoni ya Intercity n'kumayenda msewu wa ku Chipata. Sitiroko inawapeza m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato kunyumba kwathu ku Kabwata. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litalemera, zala zikuchedwa kumva zimene mwiniwake akufuna. Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anati dzanjalo lisamagone, lizigwira ntchito tsiku lililonse. Anawapatsa kampira koti azifinya, koma atate anakaponya kuseri kwa mpando, amvekere iwo si khanda.

Ine nthawiyo ndinkataipa pa ofesi ina ku Kabulonga. Mabwana atachotsa makompyuta akale ndinatengako imodzi, ndipo m'tauni ndinapeza chiwongolero cha pulasitiki chogwiritsidwa kale ntchito ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto. Abale anandiseka kuti ndagulira nkhalamba chidole. Ndinawasiya aseke. Sabata yoyamba atate ankakhala pabalaza akukalipira magalimoto a pa sikirini ngati kuti akuwamva, kuwafunsa kuti laisensi anaigula kuti. Chidwalireni ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu choncho.

Kenako anayamba kusiyira panjira. Ankati akayendetsa kwa kanthawi, msewu umaduka m'maso mwawo. Galimoto imaima pang'ono, kenako imadumpha, akamazindikira ili kale pakhoma. Iwo sanaganize za makina ayi. Anati ndi mutu wawo umene ukuzima n'kuyakanso, monga unachitira m'mawa uja, ndipo sitiroko yachiwiri ili m'njira. Ine, ndi nzeru zanga zoperewera, ndikabwera kuntchito ndinkakhalapo mphindi zochepa, n'kuwaonetsa kuti zonse zili bwinobwino. Atate ankangogwedeza mutu n'kunena kuti aona, kwa ine msewu suduka. Mpaka lero zimandipweteka kuti ndinali ine amene ndinkawatsimikizira mantha awo.

Achimwene anga aakulu, a ku Chelstone, anabwera Lamlungu lina atagamula kale mlandu. Anati chidolecho chikusokoneza ubongo wa atate, m'tauni muli phokoso, ndipo Lamlungu lotsatira awatenga kupita nawo kumudzi ku Katete akapume. Tonse tinkadziwa kuti kupuma kumeneko n'kukhala pa mpando pansi pa mtengo kudikira tsiku. Chimene chinandiwawa si mawu a achimwene, iwo n'ngodziwa zonse chibadwire. Chinandiwawa n'choti atate, munthu amene sankalola ngakhale wapolisi wa pamsewu kumuposa mawu, anangoti chabwino.

"Sapita kulikonse," ndinatero.

"Iwe ndiwe dokotala tsopano?" anafunsa achimwene.

Ndinawayankha kuti nawonso si dokotala, ndi munthu wogulitsa matayala. Amayi anandidzudzula kuti ndilibe ulemu, ndipo mwina zinali zoona.

Loweruka masana ndinakhala pa chiwongolero chija ndi mtima wofuna ndewu. Ndinati sindidzukapo mpaka ndione chimene atate amaona. Ndinazungulira kamodzi, kawiri, kasanu, zonse myaa. Nditatsala pang'ono kugwa ulesi, msewu unaduka. Galimoto inaima, inadumpha, khoma ili! Ndinakuwa mpaka amayi anatuluka kukhitchini ndi mpeni m'manja. Ndinayesanso, zomwezo, ndipo zinkangoipiraipira. Ine wa mutu wabwinobwino, wosadwalapo sitiroko, ndinkagunda khoma ngati woledzera.

Ndinayang'ana bokosi la kompyuta. Amayi, pokhala mayi wosamala zinthu, anali atalilowetsa m'kabati ya pabalaza, n'kulikulunga chitenje chatsopano kuopa fumbi la mwezi wa mphepo, pamwamba n'kuyalapo kansalu koluka ndi maluwa a pulasitiki. Nditalowetsa dzanja, chitsulocho chinali chotentha ngati simbi. Amayi anadziteteza kuti chinthu chodula sichikhala chamaliseche pabalaza, wailesi ndi TV amazifunditsa chimodzimodzi ndipo sizinadandaulepo.

Ndinalinyamula bokosilo pamiyendo m'minibasi mpaka kwa wokonza makompyuta wina m'tauni. Sanalitsegule n'komwe. Analiyang'ana monga munthu ayang'anira nsomba ya dzana.

"Ba sisita, iyi ni yakudala maningi. Gulani chabe inangu. Ndipo musagwileko mukati, muzaononga." Ankatanthauza kuti kompyutayo ndi yakale kwambiri, ndingogula ina.

Ndinamufunsa ngati kutentha kungachedwetse gemu. Anavomera monyinyirika kuti makina akatentha amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, komanso kuti za fani yoziziritsa makinawo zimasinthidwa pa sikirini ya buluu imene imabwera ukadina batani lina kompyuta ikungoyaka kumene. Koma anati kumeneko si kwa akazi otaipa makalata. Ndinamuthokoza mwaulemu wonse, mumtima ndikumutukwana, n'kukweranso minibasi ndi katundu wanga.

Kunyumba ndinatenga sikuludiraiva m'chikwama cha zida cha atate n'kutsegula bokosilo pakhonde. Fani inali itaphimbika ndi fumbi lolimba ngati bulangete lakale. Ndinayamba kuchotsa ndi mswachi, n'kumapopera ndi pampu ya njinga. Atate, amene sabata yonse anali chete, anakoka mpando n'kuyamba kundilamula. Anati ndigwire fani ndi chala isamazungulire popopa, ndisasiye fumbi m'timipata ta chitsulo, radiyeta ya basi ikatsekeka nayonso imafooketsa injini pa mapiri a ku Luangwa. Tinakangana pa chilichonse, ndipo ndinasangalala kwabasi.

Kenako ndinalowa pa sikirini ya buluu yoletsedwa ija. Kumeneko mbewa ya kompyuta siigwira ntchito, umangoyenda ndi mabatani a mivi. Ndinapeza pamene pamaonetsa kutentha kwa makina, ndipo pafupi pake panali fani itaikidwa pa liwiro lachete. Anthu a ku ofesi aja sankafuna phokoso potaipa malipoti awo. Ndinaiika pa liwiro lonse. Mu gemu momwemo ndinachepetsa kukula kwa chithunzi n'kuzimitsa mithunzi ya mitengo ndi utsi wa matayala, zinthu zongolemetsa makina okalamba. Bokosilo ndinaliika pa tebulo poyera, lopanda chovala, likulira ngati chigayo chaching'ono. Amayi anati ndawanyazitsira pabalaza.

Lamlungu achimwene anafika ndi galimoto yawo, ndipo chikwama cha atate anachilowetsa kumbuyo asanamwe n'tiyi yemwe. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti palibe amene atuluke atate asanayendetse. Achimwene anayang'ana wotchi, koma anakhala pansi.

Atate anagwira chiwongolero mosafuna. Anazungulira kamodzi, kawiri. Nthawi imene msewu unkadukira inakwana n'kupitirira, msewu uli gwa. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'onopang'ono. Anapitirira galimoto yofiira n'kuiuza kuti ikaphunzirenso. Ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndiwalase nawo achimwene.

Pa kona yakuthwa yokhotera kumanja, atate anagunda khoma. Chithunzi sichinaduke ngakhale pang'ono, tonse tinaona. Achimwene anapumira m'mwamba. Ine ndinadumpha n'kuyamba kunena kuti mwina ndi waya wa chiwongolero, mwina pali china chimene sindinasinthe, andipatse kanthawi nditsegulenso.

"Khala pansi, mwanawe," anatero atate. "Apa makina alibe mlandu, ndine. Khomalo ndinaliona likubwera kuchokera kutali, mutu sunazime ayi. Dzanja ndi limene lachedwa."

Analikweza dzanjalo n'kuliyang'ana ngati kondakitala waulesi amene amudziwa bwino. Misozi inandilengeza, ya chisoni ndi ya ukali pamodzi, chifukwa chimenecho ndiye sindikanachikonza ndi mswachi.

"Mutu ndi umene ndinkauopa," anatero. "Dzanja lokha ndilimbana nalo."

Anauza achimwene, osawayang'ana n'komwe, kuti akatsitse chikwama chawo m'galimoto. Kenako anandikodola ndi chibwano kuti ndiwabwezere pa kona yomweyo.