Elube wa m'nyimbo yanga

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno ndapsa mtima.

Nyimbo yanga yachikondi ya kantiri ija, yomwe ndinajambula pafoni ndi gitala, dzana ndinampatsa mnzanga wometa tsitsi pa Chonde kuti aziyiika pa sipika, ndimve kuti anthu akuti chiyani. Lero ndikuweruka kuntchito ku esiteti ya tiyi, ndapeza azakhali ndi ankhoswe a mbali yathu ali ndwii pakhonde.

Azakhali osadikira n'komwe kuti nditsike panjinga: "Elube amene mukumulirira m'nyimboyu ndani? Msika wonse ukunena kuti mwapeza kamtsikana ku Limbuli."

Miyezi iwiri ndikuyeserera, zala kuchita kutupa, chimene anthu amvapo n'chibwenzi basi. Za gitala palibe wanenapo.

Abale anga, Elube ndi akazi anga, mayi a Dalitso! Ndi dzina lawo la paubwana, lomwe ndinkawaitana ndikuwafunsira. Ankhoswe omwewa, amene anaimirira ukwati wathu, lero akukanda mutu kuti, "Kodi dzina lawo n'limeneli?"

Chandiwawa kwambiri n'chakuti eni akewo anali pomwepo, atagwada akupereka madzi kwa alendowo. Angonena chapansipansi kuti, "Elube ndine," n'kulowa m'nyumba. Mpaka pano sanatuluke.

Azakhali akuti ndisinthe nyimboyo, ndiziimba kuti "mayi a Dalitso". Ine ndakana. Inu mukuti bwanji? Koma musanayankhe, tanenani zoona: zaka zonsezi mwakhala mukudya za m'manja mwawo, ndani pagulu pano amadziwa kuti dzina lawo ndi Elube?