Chichewa Chimene Phoebe Analetsa M'nyumba

Ena amati amake Mayamiko, koma ine ndimangoti Phoebe, poti tinasewerera limodzi fulaye ku Bangwe. Bambo ake a Phoebe anachokera ku Mozambiki, anali mlonda pafakitale ina ku Makata, ndipo ankauza ana awo kuti khasu la m'tauni ndi Chingelezi. Phoebe anamvera. Anakhoza sukulu, napeza ntchito ya ulembi ku Makata komweko, mpaka Kovidi atabwera kampani inachepetsa anthu, iye n'kuchotsedwa ntchito.

Masukulu atatsekedwa, anayamba kuphunzitsa mwana wake mmodzi yekhayo, Mayamiko, pakhonde kuno ku Chilomoni kumene tinayandikana nyumba. Atatsegulidwa sanamubwezenso. Anagula bolodi, tsiku lililonse kuyamba ndi pemphero, kenako masamu, sayansi, Chingelezi ndi ndime ya m'Baibulo. Chichewa m'nyumbamo anachiletsa. Amayi ena atatu a kutchalitchi kwathu anamutsanzira, iye n'kukhala ngati m'busa wawo.

Mwanayo ndi wanzeru, sindingakane. Koma matama a mayi ake ankanditopetsa. Tsiku lina pamsonkhano wa amayi, Phoebe anaimirira n'kunena kuti mayi wokonda Yesu sangataye mwana wake m'kalasi ya ana handiredi kuti akaphunzire kutukwana. Ankanena izi maso ali pa Mayi Jesinta, mphunzitsi wa pa pulayimale ya boma, amene ana awo atatu amaphunzira komweko. Mayi Jesinta anangowerama. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo.

Chaka chino Mayamiko alemba mayeso a Sitandade 8. Anamulembetsa kudzera pa sukulu ina yapulayiveti, ndipo Phoebe akufuna chimodzi basi: mwana asankhidwe kusekondale yabwino ya boma. Sukuluyo inamuitana ku mayeso oyeserera. Masamu anakhoza, Chingelezi anaposa onse, koma Chichewa anapeza 19 pa 100.

Sikuti Phoebe sankadziwa kuti pepala la Chichewa lilipo. Ankangoti Chichewa mwana amayamwira kubere, osakumbuka kuti kubereko iye ankamuyankhula Chingelezi. Pa miyambi, zining'a ndi kalata mwana anangosiya mipata. Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti mayeso enieni ayambe.

Phoebe anabwera kwathu m'mawa, pepala lili m'manja.

"Ellen, mwana uja ndamupha ndekha. Nditani?"

"Wodziwa zimenezi ukumudziwa," ndinatero.

"Sangandilandire."

"Kaya. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anazengereza masiku atatu, chakudya osachikhudza, ndipo ine amene ndinkafuna kuti tsiku lina adzaone polekera ndinayamba kumumvera chisoni. Lachinayi masana anandipempha kuti ndimuperekeze kwa Mayi Jesinta limodzi ndi mwanayo. Njira yonse ankabwereza mawu opepesa, koma titafika anangoti, "Madamu, mwanayu Chichewa chamuvuta." Za kumsonkhano kuja, zii.

Mayi Jesinta sanafukule zakale. Anakhazika Mayamiko pabenchi n'kumupatsa kope.

"Tiyambe ndi kalata, imabwerabwera pamayeso. Lembera mnzako amene unamulakwira, umupepese."

Kaya anasankha dala, kaya ayi, nkhope yawo sinaonetse kanthu.

Mayamiko analemba keyala ndi tsiku, kenako cholembera chinaima. Mwana anatembenukira mayi ake, misozi ili lengelenge.

"Mami, sindikudziwa. Munthu akalakwa amayamba bwanji?"

Phoebe anatsika pampando, nagwada pasimenti pamaso pa Mayi Jesinta.

"Tamvera Maya, uzilemba," anatero. "Amayamba chonchi. Madamu, ndinakunyozani pagulu, inu musanandilakwire kanthu. Ndikhululukireni."

Mayamiko anawerama, nalemba mawu onsewo osasiyapo ndi limodzi lomwe.