Tsiku Limene Ndinazimitsa Mapampu ku Hull

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande ndinaipeza pothawa kuzizira. Mkazi wanga Esinati ndiye anali pa ntchito, ya unamwino pachipatala china ku Hull, ndipo ine ndinamutsatira mu 2006 pamodzi ndi mwana wathu Tadala. Kwathu ku Mchinji ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Kuno ndinasanduka woperekeza mwana kusukulu m'mawa, kenako n'kumangozungulira m'misewu manja ali m'thumba, poopa kukakhala ndekha m'nyumba ya zii.

Tsiku lina mphepo yochokera kumtsinje wa Humber itandilowa mpaka m'mafupa, ndinathawira m'sitolo ina yomwe mawindo ake anali ndi nthunzi. M'katimo munali mofunda ngati kwathu mwezi wa Okutobala. Munali mathanki a galasi mizeremizere, ndipo paliponse pankamveka madzi kuyenda ndi mapampu kung'ung'udza. Pa thanki ina panalembedwa dzina la dziko langa, ndipo munali tinsomba tabuluu ndi tachikasu.

Mwini sitoloyo, a Graham, bambo wamtali wa imvi, anandipeza nditaima pamenepo. Nditawauza kuti ndine wa ku Malawi, nkhope yawo inawala.

"Ndiye undiuze, zimakhala bwanji m'nyanja mwenimwenimo?"

Ndinawauza zoona, kuti kwathu ndi kumtunda, kumalire ndi Zambia, ndipo nsomba ndimaidziwa youma, ya pamsika. Anaseka mpaka kugwira shelefu. Atatha kuseka anati msana wawo watha, akufuna munthu wonyamula zigubu za madzi. Ndinayamba sabata yotsatira.

Miyezi yoyamba ndinali wa zigubu ndi wopala ndere pa magalasi. Koma kumapeto kwa sitoloyo kunali chipinda china chomwe nyali zake zinali zabuluu, ndipo kumeneko ndiko kunali mathanki a madzi amchere. Tsiku loyamba kulowamo ndinaiwala chomwe ananditumira. Ine ndinali ndisanaonepo nyanja yamchere ndi maso, kupatula pa windo la ndege. Apa ndinaona zinthu zonga maluwa, zonga bowa, zonga nyanga za gwape, zobiriwira, zofiirira, zina zowala ngati zayatsidwa m'kati, zonse zikugwedezeka pang'onopang'ono. A Graham anati amenewo ndi makorali.

"Si zomera zimenezo, Limbani. Ndi nyama. Zili ndi pakamwa."

Sindinawakhulupirire mpaka pamene anatenga kanyenyeswa ka chakudya ndi kapanira, n'kukaika pa korali limodzi. Timanja take tinapindika, kanyenyeswa kaja kanalowa pakati, n'kuzimirira.

Chakumapeto kwa chaka anandikokera pakona pomwe panali kathanki kopanda kanthu, ka malita 60. Anati munthu wogulitsa zamchere asanasungeko zake amanamiza makasitomala, choncho kameneka ndi kanga, ndikayambe ndekha kuchokera pa galasi louma.

Madzi a pampopi saloledwa. Tinali ndi sefa yapadera yomwe imatulutsa madzi oyera modontha, moti kudzaza chigubu kumatenga tsiku. Mchere wake si wa ndiwo ayi, ndi wa m'ndowa zazikulu, wosakanizidwa kale ndi zonse zopezeka m'nyanja. Umauthira m'chigubu, n'kuikamo kapampu kuti kavundule mpaka mawa lake. Kenako umauyeza ndi kachipangizo konga kachitoliro: umadonthezera madzi pa kagalasi kake, n'kusuzumira ndi diso limodzi utalozetsa kowala, ndipo mzere uyenera kuima pa 1.025. Ndinaika hita kuti madzi azikhala pa madigiri 25, kapampu kena koyendetsa madzi m'thankimo, ndi sikima, chomwe ndi chipangizo chochita thovu lokwera ndi litsiro n'kulitaya m'kakapu pamwamba. Pansi ndinayala mchenga woyera.

Kenako inabwera miyala yomwe amaitcha yamoyo. Inafika m'mabokosi, itakulungidwa m'manyuzipepala onyowa, ikununkha ngati dambo lowola. Inali yotuwa, yazibowo, yosaoneka bwino n'komwe. Ndinaisanja m'thanki monga a Graham anandiuzira, kusiya mipata yoti madzi azidutsa. Ndiye anati tsopano usaikemo kanthu, dikira.

Kudikirako kunatenga masabata. Ntchito yanga inali kutunga timadzi m'kabotolo, kudonthezeramo mankhwala, n'kuona mtundu wake. Poyamba poizoni wotchedwa amoniya amakwera, chifukwa zina za pa miyala zafa pa ulendo ndipo zikuwola. Kenako tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'zibowo za miyala timachulukana n'kumudya, kumusandutsa poizoni wina, yemwe amadyedwanso ndi tizilombo tina. Onse awiri akazimirira, ndiye kuti thanki yapsa. Ndikayamba kufunsa za nsomba, a Graham ankangoti, "Muno chabwino chimabwera chokwawa. Chothamanga ndi imfa yokha."

Esinati anadutsa tsiku lina akuchokera ku shifiti, yunifolomu ili m'kati mwa jekete. Anawerama, n'kuyang'ana kumanja ndi kumanzere.

"Nanga nsombazo zili kuti?"

"Nthawi yake sinakwane."

"Bambo a Tadala, ndiye kuti inu mukuweta miyala?"

Komatu miyala ija siinali yakufa. M'mawa wina ndinaona kanthu konga ambulera ya nthenga katatuluka m'chibowo. Chithunzithunzi cha dzanja langa chitangodutsa, kanalowa m'kati mwa kuphethira kwa diso. Tsiku lina panatuluka kanyenyezi ka miyendo isanu, kochepa kuposa chikhadabo, kakuyenda pa galasi. Panayamba kumera mabanga ofiirira. Palibe anaziikamo zimenezi. Zinadutsa nyanja ndi ndege zitabisala m'mwala, m'nyuzipepala yonyowa, ndipo zinangodikira kuti madzi akhale bwino. Nthawi yopuma masana ndinkadyera buledi wanga pamenepo, mphuno ili pagalasi.

Madzi atayera ndinaikamo nkhono zodya ndere, kenako korali lobiriwira loyala pamwala ngati kapinga, kenako ena ofewa. Pomaliza penipeni ndinaikamo tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje, ta mizere yoyera. Pofika chilimwe cha 2007, makasitomala ankaima pakona paja n'kumafunsa ngati kathankiko kakugulitsidwa.

Mu Juni chaka chimenecho kunagwa mvula yomwe anthu a ku Hull sanaiiwale. Inayamba kale ine ndisanadzuke, ndipo pamene ndinkatsegula sitolo, ngalande za mumsewu zinali zikulavula madzi m'malo momeza. A Graham ankakhala kumudzi wina kunja kwa mzinda, ndipo anaimba foni kuti msewu wawo watsekeka. Esinati anali kuchipatala, Tadala anali kwa banja lina la Amalawi pafupi ndi kwathu. M'sitolo ndinali ndekha.

Chakumasana madzi anayamba kulowera pansi pa chitseko, akuda, onunkha za m'zimbudzi. Masoketi ambiri anali m'munsi, kuseri kwa mathanki. Ndinaimbira a Graham.

"Zimitsa swichi yaikulu, tsopano lino, madzi asanafike pa masoketi."

"Nanga mapampu?"

"Zimitsa, Limbani. Nsomba ndingagule zina."

Ndinakwera pampando n'kuitsitsa. Phokoso lomwe ndinali nditalizolowera mpaka kusiya kulimva linatha nthawi imodzi. Nyali zabuluu zinazima. Kunangotsala mvula padenga.

A Graham analankhula mwachidule. Zoti madzi azizira ndisadandaule, ndi Juni, nyengo yofunda kuno. Vuto ndi mpweya. Madzi akaima, mpweya umatha, ndipo zamchere ndizo zimayamba kufa. M'kabati munali timapampu tochepa ta mabatire, anati ndiike pa mathanki aakulu a nsomba zambiri. Otsalawo nditenge jagi, ndizitunga madzi n'kuwatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba, kuti azigwa ndi thovu. Ndipo madzi a pansiwo asakhudze jagi kapena manja anga, chifukwa dontho limodzi likhoza kupha thanki yonse.

Ndinayamba kuzungulira. Kutunga, kukweza, kutsanula, kupita pa thanki ina. Madzi anandifika m'akakolo, ozizira, ndipo ndinkayenda manja ali m'mwamba ngati womangidwa. Ndikafika kumapeto kwa mzere, nsomba za koyambirira zinali zitakweranso pamwamba, makha akuthamanga. Kathanki kanga kanali kutali pakona, ndipo popeza madzi ake anali ochepa, ndinkadziwa kuti kaipa msanga. Nditakafikako ndinapeza makorali onse atatseka. Pomwe panali kapinga wobiriwira panangotsala chikopa chotuwa chomata pamwala. Tinsomba tija tinali titagona pamchenga, mbali ndi mbali. Ndinatsanula majagi angapo, n'kuthamangiranso kwina, mtima uli mmbuyo.

Mapewa atayamba kuyaka moto, ndinamva kugogoda pagalasi la chitseko. Anali a Dennis, kasitomala wathu wokalamba, yemwe unyamata wake wonse anagwira ntchito pa sitima zophera nsomba kunyanja zozizira za kumpoto. Anabwera atavala magambuti ofika m'ntchafu, atanyamula m'mwamba pampu yopondera ndi phazi, yopopera matiresi a mpweya.

"Ndaona kuti galimoto ya Graham palibe," anatero. "Ndiye ndati mnzathu ali yekha."

Tinamangirira kapaipi kopyapyala kukamwa kwa pampuyo ndi tepi, n'kuiika pa bokosi pamwamba pa madzi. Ataponda koyamba, thovu linaphulika m'thanki yaikulu, ndipo tonse tinakuwa ngati ana. Kuyambira pamenepo tinkasinthana: wina kuponda, wina jagi. Iwo ankaponda atatsamira shelefu, akupuma movutikira, koma osalola kuti ndiwalandire nthawi yawo isanakwane.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikuzitulutsa m'madzi kuti zife," anatero ali wefuwefu. "Lero ndine amene ndikuzipopera mpweya. Mkazi wanga akanakhalapo akanaseka."

Sitinapulumutse zonse. Nsomba ina yaikulu yachikasu, yomwe inakhala m'sitolomo zaka zambiri ine ndisanabwere, inayamba kupendama, kenako inagona chammbali. Ndinaitsanulira madzi pamwamba pake penipeni mpaka dzanja linachita dzanzi, koma makha anaima ine ndikuona. A Dennis anaichotsa ndi kaukonde mwakachetechete, kuti isawononge madzi a zinzake. Zinafanso zina m'mathanki a mzere wa pansi.

Chakumadzulo, kunja kukadali kowala, mvula inachepa ndipo madzi anasiya kukwera. A Graham anatulukira pa thirakitala ya mlimi wa kwawo, jenereta ili kumbuyo. Tinaiika pamalo okwera kunja, n'kupachika mawaya m'mwamba, ndipo mapampu anayamba kudzuka, imodzi imodzi. A Graham anazungulira mathanki onse. Anaima nthawi yaitali pa ndowa momwe munali nsomba yachikasu ija. Kenako anandigwira paphewa, ine n'kubuula ndi ululu, ndipo anati, "Pita kunyumba. Wachita zonse zomwe manja angachite."

Tinsomba tanga tiwiri tinadzuka mawa lake. Makorali okha ndiwo anakhalabe otseka. Tinkachapa sitolo, kutaya makatoni onyowa, ine diso lili pakona. Ndinkafuna kuwasuntha, kuwayandikiza ku nyali, kuchitapo kanthu. A Graham anati ndisinthe madzi pang'ono chabe ndipo ndichotsemo manja.

Patapita masiku, m'mawa wina nyali zitangoyaka, ndinaona kadontho kobiriwira pa chikopa chotuwa chija. Ndinawerama. Kanali kakamwa kamodzi, katatambasula timanja take. Pambali pake panatuluka kena, kenako kena, ndipo mmene ankafika a Dennis, omwe ndinawaimbira foni, theka la mwala linali litabiriwira, likugwedezeka ndi madzi a pampu. Mkulu uja anavula chipewa. 

Chomwe ndinkaganiza ndi ichi. Amuna awiri tinathera masana onse, mpaka manja kulephera kunyamula kapu ya tiyi, pofuna kuyendetsa madzi oti sangadzaze n'kachitsime komwe, ndipo tinalepherabe pena. Koma kwinakwake kutali, kumene zinthu zimenezi zinachokera, madzi akuyenda pa makorali osawerengeka, usana ndi usiku, chiyambire kalekale, popanda wogwira jagi. Ine ndinkadziona ngati mwini wa kathanki kaja. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndinangobwereka kachidutswa ka chinthu chachikulu kwambiri, ndipo ngakhale kupuma kwake kokha kunandilaka.

Ndinakhala pa ntchitoyo zaka zingapo, ndipo ndinathandiza anthu ambiri kuyamba mathanki awo amchere. Munthu woyamba kumene amalowa maso ali pa nsomba zowala. Ine ndinkamulola kuti ayang'ane mpaka akhute. Kenako ndinkamutengera ku shelefu ya pansi, n'kumuika m'manja kapampu ka mabatire, kosaoneka bwino, kotsika mtengo kuposa china chilichonse m'sitolomo.

"Yambani ndi aka," ndinkatero. "Tsiku lina magetsi adzazima, ndipo nyanja yonse idzakhala inuyo."